PHUNZIRO: MALO A M'MBALI MWA MSEU

Mseu suthera pamene pathera phula kapena dothi losalazidwa. Mbali zonse ziwiri kuli malo ena amene Boma linawapatula kuti akhale a mseu womwewo. Anthu ambiri, poona udzu ndi ngalande cabe, ayesa kuti ndi malo osowa mwini, nalimapo cimanga, naumbapo njerwa, namangapo kasitolo. Koma malowo ali nayo nchito yace, ndipo wakuwalanda asautsa mudzi wonse, nadzisautsanso iye mwini.

1. Lamulo ndi miyeso yace

M'caka ca 2002 Nyumba ya Malamulo ya Zambia inaika lamulo la miseu ya onse, lochedwa Public Roads Act. Lamulo lomweli linakhazika bungwe la Road Development Agency kuti lisamale miseu ya dziko, ndipo miseu yaing'ono ya kumidzi iyang'aniridwa ndi makhonsolo.

Lamulolo linena ukulu wa malo a mseu monga mwa mtundu wace. Mseu waukulu wa cilembo T, monga T4 wocokera ku Lusaka kupita ku Petauke, Katete ndi Chipata kufikira ku malire a Mwami, uli nao mamita 100. Mseu wa cilembo M, monga M12 wa ku Lundazi, uli nao mamita 60. Mseu wa cilembo D uli nao mamita 36, ndipo miseu yaing'ono ili nao mamita 18. Miyeso iyi igwira pokhapokha Boma litaika muyeso wina pa mseu wina.

Poyesa ayambira pakati peni peni pa mseu, nagawa muyesowo pawiri. Cotero pa T4 ndi mamita 50 mbali iyi ndi 50 mbali inayo. Pa M12 ndi 30. Pa mseu wa D ndi 18. Pa mseu waung'ono ndi 9. M'kati mwa malirewo munthu saloledwa kumanga, kukumba, kucinga mpanda kapena kuimika cikwangwani popanda cilolezo ca osunga mseu. Ngakhale nyakwawa, amene agawira anthu ace minda ndi mabwalo, sakhoza kugawa malo amenewa.

2. Nchito zinai za malowo

Yoyamba ndiyo kucotsa madzi. Mdani wamkulu wa mseu si galimoto ai, koma madzi. Cifukwa cace omanga mseu aukweza pakati, kuti mvula itsikire m'ngalande za m'mbali. Kucokera m'ngalandezo akumba tingalande tina topatukira kuchire, ndi kuika mipope pansi pa mseu kuti madzi aoloke. Mlimi akatseka kangalande kamodzi poopa kuti madzi angalowe m'munda mwace, madziwo athamanga mu mseu momwemo, nacuruka, nakumba cigwembe. Akulu anati, madzi saiwala khwawa. Pofika mwezi wa February galimoto ya odwala ilephera kupita, ndipo mai wodwala pakati anyamulidwa pa ngolo usiku.

Yaciwiri ndiyo kupenya patali. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ora ipita mamita pafupi 28 pa sekondi imodzi, ndipo woyendetsa asanaponde buleki sekondiyo yatha kale. Cimanga cokhwima citalika koposa munthu. Cikabzalidwa pokhota mseu, woyendetsa saona mwana woturuka m'kanjira ka kusukulu, ndi mwanayonso saona galimoto.

Yacitatu ndiyo pothawira. Magalimoto awiri akuru akakomana, wa njinga, wa ngolo ndi mai wosenza mtolo ayenera kukhala napo popatukira. Akapeza mulu wa njerwa, matumba a makala kapena mpanda wa minga, abwerera mu mseu pamene pali ngozi. Momwemonso galimoto ikaphulika thayala ifuna malo oyera kuti iime bwino, osagunda nyumba.

Yacinai ndiyo nchito za m'tsogolo. Pokonzanso mseu, amisiri afuna poika miyala ndi makina, ndi polambula kanjira kopatukira magalimoto. Mseu ukacepa, aukuza pa malo omwewo.

3. Zotseka zozolowereka m'midzi

Zina zicitika mosalingalira. Pa nyengo yokolola ena ayanika cimanga, nshawa kapena cinangwa pa phula, natsekereza ndi miyala. Ena akumba dothi la njerwa m'mbali mwa ngalande, nasiya maenje amene adzala madzi m'dzinja ndi kufewetsa maziko a mseu. Ena ataya zinyalala ndi mapesi pakamwa pa mpope. Abusa asiya ng'ombe zigone pa mseu madzulo, ndipo ng'ombe yakuda sioneka usiku. Galimoto ikafa panjira, eni ace aika miyala ku mawilo ndi masamba pa mseu. Ikakonzeka acoka, miyala isala, nigwetsa wa njinga mumdima.

Pa maliro uli mwambo woika nthambi pa mseu kuti oyenda acepetse liwiro ndi kupereka ulemu. Mwambowo ngwabwino, koma adzukulu akumbukire kuzicotsa maliro atatha. Nthambi zokhala masiku ambiri ziphunzitsa oyendetsa kunyoza cizindikiro.

4. Citayiko ca wolakwa

Munthu anganene kuti, malonda ali ku mseu, nanga wosauka agulitsire kuti tomato wace? Mau awa ali ndi nzeru, pakuti mseu ndiwo ubweretsa ogula. Koma walira mvula walira matope: wofuna phindu la mseu alandirenso malamulo ace. Thandala la tomato limanyamulika, koma sitolo ya njerwa zoocha ndi malata sinyamulika. Osunga mseu ali nayo mphamvu yakulamula kuti comangidwa popanda cilolezo cicotsedwe, ndipo mwini wace asayembekeze malipiro monga alandira iye amene mseu watsopano wampeza pa malo ace eni eni. Ndalama za thonje ndi fodya za zaka zitatu zikhoza kugwa pansi tsiku limodzi.

5. Zoyenera kucita

Wofuna kumanga pafupi ndi mseu ayambe wafunsa ku khonsolo mtundu wa mseuwo, ayese ndi cingwe kucokera pakati, ndi kukhoma zikhomo pamaso pa nyakwawa. Wolima asiye mizere yace kunja kwa malire. Madzi a kangalande akamsautsa asatseke, koma akadandaule ku khonsolo, kapena awatsogolere ndi mgula kufikira ku udzu. Ogulitsa apemphe mfumu ndi khonsolo malo amodzi a msika, kumene galimoto ikhoza kupatuka ndi kuima. Ndipo mwezi wa October, mvula isanayambe, mudzi uliwonse ucite bwino kuturuka ndi makasu ndi kufukula ngalande ndi mipope ya pa dera lace.

Mafunso

1. Mseu wopita pa mudzi uno uli wa mtundu uti, ndipo malire ace ndi mamita angati kucokera pakati?
2. Cimacitika nciani kangalande kamodzi kakatsekedwa?
3. Galimoto ya liwiro la makilomita 100 pa ora ipita mamita angati pa masekondi awiri?
4. Ndi zotseka ziti ziri pa mseu wa kuno lero, ndipo adzazicotsa ndani?