Mwana Wanga Akufuna Kuweta Kamba

Funso: Adokotala, mwana wanga wazaka 9 akulirira kuweta kamba wam'madzi. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, kamba amatha kukhala zaka zoposa 20, choncho ntchito yomusamalira idzagwera inu. Musatole wakutchire, funsani kaye a nthambi yoona za nyama zakutchire za chilolezo.

Kamba amafuna madzi oyera okwanira kusambiramo, komanso mwala wouma woti azikwerapo kuwothera dzuwa. Popanda dzuwa chigoba chimafewa, ndipo dzuwa lodutsa pagalasi silithandiza. Muzimupatsa masamba, nyongolotsi ndi tinsomba, osati nsima.

Akamba amanyamula tizilombo ta Salmonella, motero mwanayo azisamba m'manja ndi sopo akamugwira. Kambayo akasiya kudya, akatupa maso kapena akamasambira chopendekeka, pitani naye msanga kwa dokotala wa ziweto.