Tiiphwanye nambala ya 144,000

Pa Chivumbulutso 7:4-8, Yohane akumva chiwerengero cha osindikizidwa chizindikiro: 144,000, ndiye kuti 12,000 kuchokera ku fuko lililonse mwa mafuko 12. Tisanayambe kukangana za tanthauzo lake, tiyeni tiione kaye nambalayi monga timachitira m'kalasi ya masamu.

Choyamba, 144,000 ndi 12 × 12 × 1,000. Tiyeni tiigawe mpaka titsale ndi manambala osagawika okhaokha, aja amene amagawika ndi 1 ndi iwo eni basi, monga 2, 3, 5 ndi 7. Tikudziwa kuti 144 ndi 2 × 2 × 2 × 2 × 3 × 3, ndipo 1,000 ndi 2 × 2 × 2 × 5 × 5 × 5. Choncho mu 144,000 muli ma 2 asanu ndi awiri, ma 3 awiri ndi ma 5 atatu: 128 × 9 × 125.

Nanga ndi manambala angati amene amagawa 144,000 popanda chotsala? Tikamapanga nambala yotere, 2 tingamutenge kuyambira ka 0 mpaka ka 7, zomwe ndi njira 8. 3 ali ndi njira 3. 5 ali ndi njira 4. Tikachulukitsa 8 × 3 × 4 tipeza 96. Mwa manambala a 1 mpaka 12, awiri okha ndiwo amalephera: 7 ndi 11. Tikagawa ndi 7, pamatsala 3.

Apa pali phunziro. Nambala ya 7 imapezeka kambirimbiri m'buku la Chivumbulutso, mipingo 7, zisindikizo 7, malipenga 7, koma mu 144,000 mulibe 7. Maziko ake ndi 12, nambala ya mafuko a Israele ndi ya atumwi. Pa chaputala 21 tikuipezanso: Yerusalemu Watsopano ali ndi zipata 12, maziko 12, ndi linga la mikono 144. Tizindikirenso kuti mndandanda wa chaputala 7 si uja wa ana a Yakobo: Dani mulibe, koma Manase alimo.

Masamu amatiuza momwe nambala yamangidwira, koma satiuza kuti ndani adzakhale m'gululo. Akhristu, ngakhale mu mpingo wathu, amasiyana maganizo ngati nambalayi ndi yeniyeni kapena yophiphiritsa, ndipo Ellen White analangiza kuti tisamakangane pa funso lakuti anthuwo adzakhala ndani. Chimene chaputala 14 chikutsindika ndi khalidwe lawo: amatsata Mwanawankhosa ndipo sanama. Pa mayeso, pa ndalama za fizi zimene makolo atituma, ndi pa zimene timalemba pa WhatsApp, khalidwe limenelo likuyesedwa lero.

Ntchito yoti tichite sabata ino: tiphwanye 12,000 mwa njira yomweyi, ndipo tipeze chiwerengero cha manambala amene amaigawa popanda chotsala.