Kudandaulira Mnzathu za Phokoso

Anzanga, m'nyumba yathu yogona phokoso laling'ono silisowa: wina aloweza maphunziro mokweza m'bandakucha, wina aimba mluzu, wina akoka sutikesi usiku. Madokotala ati ife a msinkhu uno tifunika tulo ta maola 8 kufikira 10, ndipo wosowa tulo asinza m'kalasi, nagwa pa mayeso. Tsono kungokhala chete sikuthandiza, komanso kukalipa kubala udani.

Njira imene ine nditsata ndi iyi. Poyamba ndidikira kuti kuche, pakuti mawu a usiku atuluka ndi mkwiyo. Chachiwiri ndimtengera mnzangayo pambali, kuti asachite manyazi pamaso pa anthu. Chachitatu nditchula phokosolo, osati khalidwe lake: "Pepani achimwene, mukamawerenga mokweza m'mamawa ine tulo timandithawa. Bwanji muziwerenga chamumtima kufikira belu litalira?" Kawirikawiri munthuyo sadziwa n'komwe kuti avutitsa ena, ndipo avomera msanga.

Akapitiriza ndimkumbutsanso kamodzi, ndipo zikakanika m'pamene ndipita kwa kapitawo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikumbukire kuti mnzathuyo tidzagona naye nyumba imodzi kufikira chaka chitatha.