Mwana akati "ndili bwino", tisafulumire kuchonga

Anzanga a m'makalabu, phunziro la mwezi uno ndiliyamba ndi cholakwa changa.

Tsiku lina mu June, kukuzizira monga mmene kumachitira kuno ku Bembeke, ine ndi mnzanga wa m'kalabu tinkayendera ana amasiye titatenga pepala la mafunso. Pakhomo pena tinapeza mnyamata wa zaka 13 amene amaleredwa ndi azakhali ake. Anatiyalira mphasa pakhonde, tonse n'kukhala pamodzi. Ndinafunsa kuti, "Mayi, mwanayu ali bwanji?" Iwo anati, "Ameneyu alibe vuto. Amadya, kusukulu amapita, mankhwala akumwa." Ndinatembenukira kwa mnyamatayo n'kunena kuti, "Eti iwe, uli bwino?" Anayang'ana pansi, nati, "Ndili bwino." Ine chonge, n'kutsanzika.

Patatha miyezi iwiri tinamva kuti mnyamata uja anali atasiya kumwa ma ARV. Ankawabisa kudenga chifukwa anzake kusukulu ankamunena, ndipo usiku sankagona. Azakhali aja sananame ayi, ananena zimene maso awo ankaona. Wolakwa ndinali ine. Funso langa linabwera ndi yankho lake kale, ndiponso ndinalifunsa pamaso pa munthu amene amamupatsa nsima. Kwathu kuno mwana waulemu sadandaula akulu ali pomwepo, ndipo "ndili bwino" ndi moni chabe. Ngakhale munthu amene ali gone kuchipatala amayankha chomwecho.

N'chifukwa chake a zaumoyo anakonza mafunso oti mwana aziyankha yekha. Amodzi mwa mafunsowa amatchedwa EQ-5D-Y. Anachokera ku Ulaya, koma ofufuza a ku Blantyre anawamasulira m'Chichewa n'kuwayesa pa ana a zaka 8 mpaka 17, odwala ndi osadwala omwe. Mafunso ake ndi 5 okha. Amafunsa za kuyenda, za kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, za zochita za tsiku ndi tsiku monga sukulu ndi masewera, za ululu m'thupi, ndiponso za nkhawa kapena chisoni. Pa funso lililonse mwana amasankha ngati alibe vuto, ali nalo pang'ono, kapena ali nalo lalikulu. Pomaliza pali muyeso wonga rula, kuyambira 0 mpaka 100, ndipo mwana amaloza pamene akuona kuti thanzi lake lili. Zonsezi amafunsa za lero, osati za chaka chatha, poti mwana amakumbukira bwino za lero.

Tawerenganinso mafunso aja. Atatu oyambawo, mayi kapena mphunzitsi angathe kuyankhira mwana, popeza kutsimphina kumaoneka. Nanga awiri omalizawo? Ululu ndi nkhawa mwini wake yekha ndiye amazidziwa. Mnyamata wanga uja akanakhoza bwinobwino pa mafunso atatu oyamba. Vuto lake linali pa lachisanu, limene ine sindinafunse n'komwe.

Ana akafunsidwa moyenera amaulula zinthu zimene akulu sitiziganizira. Mu 2014 munatuluka zotsatira za kafukufuku amene madokotala a Baylor anachita ku Lilongwe ndi ku Zomba pakati pa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 amene ali ndi kachilombo ka HIV. Anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa 5 aliwonse anali ndi matenda a maganizo ovutitsa munthu ndi chisoni chosatha. Amenewatu anali ana oti amapita kuchipatala, amakwera pasikelo, mankhwala amalandira. Sikelo imauza dokotala makilogalamu basi, za mumtima siinena.

Kafukufuku wina ndi wa mu 2013, wa nkhanza zochitira ana, amene boma linachita m'dziko lonse mothandizana ndi UNICEF. Anafunsa achinyamata a zaka 13 mpaka 24, ndipo zinapezeka kuti mtsikana mmodzi mwa 5 ndi mnyamata mmodzi mwa 7 anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwanitse zaka 18. Chimene ndikufuna muone ndi kafunsidwe kake. Mtsikana ankafunsidwa ndi mkazi, mnyamata ndi mwamuna, ndipo ankakhala awiriwiri poduka mphepo. Akanakhala pamphasa imodzi ndi banja lonse ngati mmene ndinachitira ine, mukuganiza kuti manambala amenewa akanatuluka?

Tsono ife a m'kalabu tikapatsidwa mafunso otere, tiyambe ndi kupempha chilolezo kawiri, kwa womulera ndi kwa mwana mwini wake. Mwana akakana, wakana, ndipo angathenso kulumpha funso limene sakulifuna. Kenako khalani naye pamalo poti anthu akukuonani koma sakukumvani, kaya pansi pa mtengo kapena m'mphepete mwa munda wa mbatatesi. Musadzitsekere naye m'nyumba. Werengani funso monga lalembedwera, osawonjezera ka "eti" kapena "si choncho", chifukwa mwana amayankha zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Mukafunsa, khalani chete. Enafe timaopa bata, ndiye timayamba kumuthandiza mayankho. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali china chimene chimasokoneza mayankho kumudzi kuno. Anthu akaona munthu wanyamula pepala ndi cholembera amadziwa kuti kwabwera kulemba mayina a mabulangete kapena ufa. Ndiye mwana amauzidwiratu kuseri kuti, "Ukanene kuti sitinadye." Sindikuwaweruza, njala ndi yowawa. Koma nenani poyera pachiyambi pomwe kuti mafunsowa sakubweretsa katundu, ndipo musalonjeze chimene mulibe.

Nkhani ya chinsinsi ndiyo yovuta kwambiri. Pepala lisakhale ndi dzina, ikani nambala, ndipo mayankho a mwana si nkhani yokacheza nayo kuchitsime kapena ku bawo. Komabe musamuuze kuti "sindidzauza munthu aliyense". Muuzeni zoona musanayambe: "Zimene undiuze n'zathu awiri, pokhapokha utandiuza kuti wina akukupweteka kapena ukufuna kudzipweteka wekha. Zikatero tidzapita limodzi kwa munthu amene angathandize." Ndipo munthuyo mumudziwiretu musanachoke kunyumba. Angakhale mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, namwino wa kuchipatala kumene mwana amalandirira mankhwala, woona za chitetezo cha ana, kapena nambala yaulere ya 116. Ife si madokotala. Mwana akaloza pa 30 pa muyeso uja sitinganene kuti akudwala chakuti, koma tadziwa kuti tisamusiye yekha ndiponso kuti tibwerenso. Kufunsa kamodzi n'kuthawa ndi pepala kuli ngati kutsegula bala n'kulisiya osamanga.

Pa msonkhano wanu wotsatira yesani izi. Khalani atatuatatu, wina akhale mwana, wina azakhali, wina wofunsa. Funsani mafunso 5 aja azakhali ali pomwepo, kenako azakhali achoke mufunsenso. Amene anali mwana afotokozere gulu kuti ndi funso liti limene linamuvuta kuyankha poyamba paja, ndiponso mawu ati a wofunsa amene anamutseka pakamwa.