Phunziro la Mwezi Uno: Kuyamika Mulungu pa Nyengo ya Masika

Werengani Deuteronomo 26:1-11, Luka 17:11-19 ndi 2 Akorinto 8:1-15.

M'midzi yonse ya kuno ku Neno nyengo ya masika yafika, ndipo amene anakolola atuta kale dzinthu zao. Tsono nkoyenera kuti mwezi uno tiphunzire pamodzi za kuyamika ndi za kupatsa, pakuti ziwirizi zikhala ngati mtondo ndi munsi: china sichigwira ntchito popanda chinzake. Mau amene tifuna kuti atsale m'mitima yathu ndi awa: munthu woyamika Mulungu ndi pakamwa pokha, nkhokwe yake ili chitsekere, sanayambe kuyamika.

1. Zonse tili nazo tinachita kulandira

Munthu akakolola bwino, safuna kuchedwa kunena mumtima mwake kuti, Khasu langa ndilo landipatsa izi. Indedi tinasosa, tinabzala, tinapalira, tinabandira. Koma ndani mwa ife anaitana mtambo? Okalamba owerengeka amene atsala pakati pathu akumbukira chaka cha 1949, pamene mvula inaleka pakati pa dzinja, ndipo njala yaikulu inagwa m'dziko lino la kummwera. Anthu analima monga mwa zaka zonse, koma mmera unapserera m'munda. Amuna ambiri ananka kutali kukasuma, ndipo ena sanabwererenso kwa akazi ndi ana ao. Ambiri a ife tinaonanso ndi maso athu njala ya 2002, pamene anthu anadya madeya ndi zitsa za nthochi. Khasu linali lomwelo, manja anali omwewo. Chinasowa ndicho chimene Mulungu yekha apatsa.

Ngakhale Mau a Mulungu amene tiwawerenga lero tinachita kupatsidwa. Ansembe a Montfort anamanga misoni ku Neno m'chaka cha 1906, ndipo a Adventist anayamba ntchito yao ku Matandani m'chaka cha 1908. Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chathu m'chaka cha 1922. Ndalama za ntchito zotere zinasonkhedwa ndi Akhristu a kutsidya kwa nyanja, amene sanaone nkhope zathu, kapena kudziwa maina a midzi yathu. Ife ndife anthu odyera m'mbale ya eni. Nanga tidzitama ndi chiyani?

2. Woyamika apereka zoyamba, si zotsala iai

Mose analamula Aisrayeli kuti akalowa m'dziko lao nakolola, munthu aliyense atenge zipatso zoyamba kucha, aziike m'dengu, napite nazo kwa wansembe. Kumeneko afotokoze ndi pakamwa pake za ukapolo wa makolo ake ku Ejipito, ndi umo Mulungu anawatulutsira. Atatero akondwere, osati yekha, koma pamodzi ndi Mlevi ndi mlendo wokhala pakati pao. Taonani zinthu zitatu m'lamulo ili: kukumbukira, kupereka, ndi kugawana.

Makolo athu, asanamve Uthenga Wabwino, anadziwako pang'ono za ichi, popeza anali kuthira nsembe ya dzinthu zatsopano poyamika. Iwo anachita m'kuunika kochepa kumene anali nako. Nanga ife odziwa dzina la Wopatsayo, tichita motani pa tsiku la zopereka za masika? Tinene zoona, pakuti tili pachibale. Ena a ife tiyamba tagulitsa, tabweza ngongole, tagula nsalu ndi mchere, ndipo potsiriza tisesa pansi pa nkhokwe ndi kubwera nacho chimanga chofumbwa ku nyumba ya Mulungu. Ena tisankha nkhuku imene yayamba kuodzera. Kodi mfumu ya mudzi wathu tingaipatse mphatso yotere osachita manyazi?

Ambuye Yesu anachiritsa akhate khumi. Onse anapempha mokweza mau, onse anakonzeka, koma mmodzi yekha, ndiye Msamariya, anabwerera nagwa pa mapazi ake. Asanu ndi anai aja sanatukwane Ambuye, sanamkane. Anangopitirira ulendo wao. Ndimo mmene tichitira ife: mu Januwale, mvula ikadula, tidzaza tchalitchi ndi mapemphero, mu Meyi, chimanga chitalowa, tipitirira ulendo wathu.

3. Kuyamika kutsikira kwa mnzathu

Mulungu alibe njala kuti adye chimanga chathu. Chimene tipereka kwa Iye achilandira ndi manja a anthu ake. Pamene Akhristu a ku Yerusalemu anasauka, Paulo anasonkhetsa ndalama m'mipingo ya ku Makedoniya ndi ku Akaya, nawalembera Akorinto kuti iye safuna kuti ena apumule ndi ena alemedwe, koma kuti pakhale kulingana: amene ali nazo lero athandize osowa, pakuti tsiku lina adzasinthana malo.

Phunziro ili tiliona ndi maso m'dziko lathu lomwe lino. Kumapiri, kwa Dambe ndi kumtunda konse, mvula igwa yambiri, ndipo kumera tirigu, mbatatesi, nyemba ndi zipatso. Kuchigwa, ku Lisungwi, ku Matope ndi ku Zalewa, dzuwa liwamba, mvula ivuta, ndipo zaka zambiri chimanga sichifika pa masika ena. Koma a kumapiri ndi a kuchigwa tibatizidwa m'dzina limodzi. Mtsinje wa Lisungwi susunga madzi ake kumtunda. Utsika nao kuchigwa kufikira ku Shire. Kodi madzi atsike, ndi chifundo cha Akhristu chitsalire pamwamba? Ndipo a kuchigwa asayese kuti iwo ndiwo olandira okha, pakuti ali nazo mbuzi, mapira ndi thonje, ndipo chimvula chikagumula minda ya m'mapiri, udzakhala mwai wao wakupatsa.

Pano tiyenera kutchula tchimo limene likhala pakati pathu mobisala. Alipo Akhristu amene asunga chimanga kufikira Febuluwale, ndipo mbale wao akadza kudzapempha, ampatsa thumba limodzi kuti adzabweze awiri pa masika. Alipo ena amene alimitsa mai wamasiye ganyu tsiku lathunthu, namlipira kambale ka madeya, munda wake wa iye mwini uli kugonera m'thengo. Pa tsiku la kupembedza anthu omwewo aimba nyimbo zoyamika. Abale, katapila ndi chiyamiko sizigona m'nyumba imodzi.

4. Palibe wosauka wosakhoza kupatsa

Kapena wina adzati, Izi nza eni nkhokwe. Ine ndakolola madengu awiri okha. Koma Akhristu a ku Makedoniya aja anali aumphawi ndi ozunzika, ndipo anachita kumdandaulira Paulo kuti awalole kusonkha nao. Mulungu sayesa mphatso ndi ndowa. Ayang'ana mtima wa wopereka ndi chimene chatsala m'dzanja lake. Wopanda chimanga ali ndi manja. Akhoza kufolera nyumba ya nkhalamba mvula isanadze, kutemera wodwala nkhuni, kunyamula mnzake kunka naye kuchipatala, kapena kulima tsiku limodzi m'munda wa ana amasiye.

Akulu anati, Kupatsa nkuika. Mau awa ngoona, koma Mkhristu apitirira pamenepo. Sitipatsa kuti tidzalandire, kapena kuti dzina lathu liwerengedwe pamaso pa mpingo. Tipatsa chifukwa tinalandira kale, pakuti Mwana wa Mulungu anasiya ulemerero wake nadzakhala mmphawi, nafa pa mtanda chifukwa cha ife.

Zoti tichite mwezi uno

Banja lililonse likhale pansi, bambo, mai ndi ana, liwerenge zimene Mulungu walipatsa chaka chino, ndi kupatula gawo la Mulungu lisanagulitse kanthu. Akulu a mpingo alembe maina a amasiye, nkhalamba ndi odwala a m'midzi yao, ndipo gawo lina la zopereka za masika lisungidwe bwino kufikira miyezi ya njala. Mipingo ya kumtunda ifunse za abale a kuchigwa tsopano lino, isadikire kumva za maliro. Ndipo amene anakongoza mbale wake chakudya, alandire muyeso womwewo umene anapereka.

Mafunso a pa msonkhano wa pakati pa sabata

1. Mwisrayeli anayenera kunena chiyani pobwera nalo dengu lake, ndipo anakondwera pamodzi ndi yani?
2. Akhate asanu ndi anai aja analakwa chiyani?
3. M'mudzi mwathu ndani adzayamba kugona ndi njala chaka chino, ndipo ife tamkonzera chiyani?

Mulungu amene atipatsa mvula ndi mbeu atipatsenso mtima wokumbukira, kuti manja athu akhale otambasuka monga ake.