Kukhwimitsa nkhwangwa yofewa pakhomo

Nyengo yodula milimo ya zigafa za fodya ikafika kuno ku Furancungo, nkhwangwa zimaululika. Ina ikangogunda muwanga imapindika kukamwa, ina imabenthuka. Musafulumire kuitaya, koma dziwani kaye chitsulo chimene anaisulira.

Kulimba kwa chitsulo kumadalira kuchuluka kwa kaboni m'kati mwake, komanso mmene chinazizirira chitachoka pamoto. Cha migolo ndi misomali chili ndi kaboni wosafika 0.3 peresenti. Kawaya kake, ka milimita imodzi uku ndi uku, kamaduka pa makilogalamu ngati 40, ndipo ngakhale muchiwotche chotani sichikhwima. Sipuling'i ya galimoto, imene osula amaikonda, ili ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti. Ikazizira pang'onopang'ono imapirira makilogalamu ngati 70, koma ikakhwimitsidwa bwino imapitirira 120. Choncho ngati nkhwangwa yanu ndi ya chitsulo cha mgolo, sungani makala anu.

Konzani ndowa imodzi ya makala, mvukuto, tupa, maginito a mu sipika ya wailesi yakufa, chopanira chachitali, ndi malita atatu a mafuta ophikira m'chitini chokhala ndi chivindikiro chachitsulo. Mafutawo ndiwo odula, koma mudzawagwiritsanso ntchito kangapo. Ntchito yonse ndi ya maola awiri kapena atatu. Igwireni madzulo kuti muziona bwino mtundu wa chitsulo, kutali ndi chigafa ndi denga laudzu, ana atakhala patali.

Gululani nkhwangwa mumpini, muiwongole kukamwa ndi tupa, koma musaithwetse kwambiri. Ikani kukamwako m'makala, muzipukusa mvukuto mofatsa. Ikafiira, igunditseni maginito. Akasiya kumata, ndiye kuti yapitirira madigiri 770. Ibwezereni pamoto kanthawi kochepa, kenaka viikani kukamwako m'mafuta mukuyendetsa mmwamba ndi pansi.

Apa mpamene ambiri amaphonya. Amaviika m'madzi ozizira poganiza kuti ilimba koposa, ndiye sipuling'i imangomveka "the!", yang'aluka. Ena amawotcha mpaka kuchita chikasu, chitsulo n'kukhala chofumbutuka m'kati. Mafuta akayaka, vindikirani. Musathire madzi.

Ikazizira, iyeseni ndi tupa. Ngati tupalo likuterereka osadya, nkhwangwa yakhwima. Koma musaidulire mtengo ikadali chonchi, pakuti pano ndi yosachedwa kusweka ngati galasi.

Palani kukamwa ndi mwala mpaka kuwale mbee. Tenthetsani chakumchira kokha, maso ali kukamwa. Mudzaona mitundu ikuyenda kuchokera kumchira: woyamba wa udzu wouma, pa madigiri ngati 230, kenaka wofiirira, kenaka wa buluu cha pa 300. Mpeni umafuna wa udzu. Nkhwangwa ndi chikwanje, poti zimamenya, zimafuna wofiirira. Mtunduwo ukangofika kukamwa, viikaninso msanga. Ukafika buluu mwaifewetsa mopitirira, yambiraninso.

Ponola, gwiritsani mwala ndi madzi. Mukapita nayo kwa owotcherera kuti ainole pa makina, auzeni aziiviika pafupipafupi, chifukwa ikangosintha mtundu kukamwa, kukhwima konse kwatha. Ndipo paipi kapena lata lokutidwa ndi zinki musaliike pamoto umenewu. Utsi wake umadwalitsa.