Phunziro: Mbewu Iti Ibereka Koposa?

Anzathu a m'koperativa, kuno ku Furancungo ndi ku Tsangano timalima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere. Nthawi yodzala ikayandikira timakangana: tigule mbewu yatsopano ya chimanga kapena tidzale yamakolo? Ndalama za gulu n'zochepa. Tikasankha molakwa, njala ilowa m'nyumba.

Wina amati, "Ine yatsopano inandibereka bwino." Koma munda umodzi si umboni. Kapena nthaka yake ndi yachonde. Kapena anapalira msanga.

Tiyeni tiyese tokha.

Tigawe munda wa gulu m'ndime 10 zofanana. Tichite maere: ndime 5 zilandire mbewu yamakolo, ndime 5 yatsopano. Maere atiteteza kuti tisapereke malo abwino kwa mbewu imene tikuikonda. Tidzale tsiku limodzi, tipalire tsiku limodzi, manyowa akhale ofanana.

Poyamba tiziti, "Mbewu ziwirizi sizisiyana." Tisinthe maganizo pokhapokha zokolola zitatitsutsa.

Tiyerekeze kuti takolola madengu awa:

Yamakolo: 6, 7, 5, 6, 6. Pamodzi 30. Tikagawa ndi 5, tipeza 6.
Yatsopano: 9, 8, 10, 9, 9. Pamodzi 45. Tikagawa ndi 5, tipeza 9.

Kusiyana ndi madengu 3. Onani: ndime yochepetsetsa ya yatsopano yaposa ndime yopambana ya yamakolo. Apa si mwayi ayi.

Nanga tikakolola chonchi?

Yamakolo: 3, 9, 5, 8, 5. Tipeza 6.
Yatsopano: 4, 10, 7, 9, 5. Tipeza 7.

Kusiyana ndi dengu limodzi lokha, pamene ndime za mbewu imodzi zomwezo zikusiyana ndi madengu 6. Apa tisathamangire kugula. Tiyesenso chaka chamawa ndi ndime zambiri.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1908 William Gosset, wa ku fakitale ya mowa ya Guinness ku Dublin, anafalitsa masamu oyesera zinthu zochepa chonchi. Ronald Fisher, amene anayamba ntchito ku minda yoyesera ya Rothamsted ku England mu 1919, anaphunzitsa kugawa ndime mwa maere.

Mafunso
1. N'chifukwa chiyani tikuchita maere?
2. Phatikizani 4, 10, 7, 9, 5. Gawani ndi 5.
3. Pa zokolola ziwirizi, ndi ziti zimene zingatilole kugula mbewu yatsopano?

Lembani: Munda umodzi si umboni.